Nambala inali yanga, dzina linali la amuna anga

Ndimakhala kumudzi chakufupi ndi Mkanda m'boma la Mchinji. Ndimalima soya ndi mtedza, ndipo kwa zaka zingapo ndinali msungichuma wa banki m'khonde ya m'mudzi mwathu. Anthu akamakamba zoti amayi akumudzi sitili pa intaneti amathamangira kutchula netiweki ndi kudula kwa mabandulo. Zimenezo n'zoona ndithu, ndipo ndizikamba. Koma kwa ine mavuto anayambira pa kanthu kamene sindinkakawerengera n'komwe: dzina limene linalembedwa pa simu khadi.

Mu 2018 a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, analamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika, apo ayi itsekedwa. Chiphaso ndinali nacho, ndinajambulitsa nawo mu 2017 ngati wina aliyense. Koma tsiku limene anthu ankakalembetsa pa tredingi ine ndinali ndi mwana wodwala malungo. Abambo a kunyumba anatenga masimu onse awiri, yawo ndi yanga, n'kukalembetsa ndi chiphaso chawo. Atabwera ndinawathokoza kuti andipeputsira ulendo. Amayi ambiri a m'mudzi mwathu zinawayendera chimodzimodzi, ena analembetseredwa ndi alongo awo, ena ndi ana awo aamuna, chifukwa amene ali ndi njinga komanso nthawi yoima pamzere tsiku lonse ndi bambo.

Patapita nthawi kafoni kanga ka mabatani kanafa. Chaka chimenecho, 2021, mtedza unachita bwino ndipo abambo anagula foni ya tachi ya masimu awiri. Simu yanga inalowa m'menemo. Nditanena zogula kena kanga, anandiyankha mofatsa kuti, "Mayi, foni ili kale m'nyumba muno, ina ya chiyani? Mukafuna kuimba muzingonena." Sindikunena kuti amuna anga ndi munthu woipa. Iwo ankaona kuti banja lili ndi foni. Chimene sankachiona n'choti foni ya banjayo imadzuka m'mawa n'kupita nawo kudimba, kumsika, kumpira, n'kubwera usiku batire itatha.

Zotsatira zake zinkabwera pang'onopang'ono. Achemwali anga a ku Lilongwe akaimba ankamva kuti "ndiwauza", uthengawo n'kundipeza mawa lake. Za maliro a azakhali anga ndinamva mwambo utayamba kale. Koma chimene chinandipweteka m'thumba chinali china. Alangizi a zaulimi a m'dera lathu anatsegula gulu la WhatsApp la alimi, m'mene ankaikamo za mbewu, za matenda a soya, ndi mitengo imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka kuti wogula asatsike kuposa pamenepo. M'gulumo munadzaza abambo, pamene kumunda wa soya opalira ndi omenya ambiri ndi amayi. Tsiku lina venda anafika pakhomo ndi sikelo yake abambo kulibe, ine ndikufuna ndalama ya sopo ndi fizi, ndinamugulitsa matumba anga pa mtengo umene iye ananena. Madzulo ake ndi pamene ndinamva kuti m'gulu muja munali kale uthenga woti kalabu ya alimi ikusonkhanitsa soya kuti agulitse pamodzi pa mtengo wokwererapo. Uthengawo unali m'thumba la buluku la amuna anga nthawi yonseyo. Iwo anaiwala kundiuza, ine ndinalibe poonera.

Mu 2022 abambo anapita ku Joni kukasaka maganyu. Foni ya tachi anapita nayo, ine anandisiyira simu yanga ndi kafoni ka mabatani kogula kwa munthu. Kunena zoona ndinasangalala, chifukwa nambala inabwerera m'manja mwanga. Chaka chomwecho m'midzi yoyandikana nafe munamveka za akuba othyola nyumba za asungichuma n'kunyamula mabokosi a banki m'khonde. Gulu lathu linagwirizana kuti ndalama ina izisungidwa pa foni, m'bokosi muzitsala yochepa. Foni yake inali yanga, poti msungichuma ndinali ine.

Amene munakhalapo m'banki m'khonde mukudziwa kuti bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Ife amene timasamala chonchi tinatenga K180,000 ya gulu n'kuiika pa nambala imene mwini wake pa malamulo sanali membala wa gulu, komanso anali kunja kwa dziko. Palibe anafunsa, ineyo sindinaganizeko.

Kwathu kulibe magetsi a ESCOM, analekera pa tredingi. Kutchaja foni timasiya kwa anyamata ometa tsitsi amene ali ndi sola, n'kulipira kangachepe. Mwezi wa Okutobala ndinasiya kafoni kanga kumeneko m'mawa, ndinapita kuchigayo, pobwera sikanapezeke. Mnyamatayo anangoti mwina wina watenga molakwitsa, abweza. Sanabweze. Patebulo pake pankakhala mafoni ambiri ofanana, opanda chizindikiro, aliyense ankangoloza kuti yanga ndi iyo. Ndikanadziwa, bwenzi ndikuchotsa simu ndisanasiye foni. Ndi kanthu ka mphindi imodzi, ndipo lero sindisiya foni potchaja simu ili momwemo.

Usiku umenewo sindinagone. Kutacha ndinapita kwa ejenti wa pa tredingi, iye anati zobwezeretsa nambala ndikaonane ndi a kushopu ya kampani ku boma. Ndinakwera kabaza, kenako galimoto, ndinafika, ndinaima pamzere. Mtsikana wa pakauntala analandira chiphaso changa, anayang'ana pa kompyuta, n'kundifunsa kuti, "Mayi, dzina ili ndi la ndani?" Ndinati ndi amuna anga. Anati ndiye abwere eni ake ndi chiphaso chawo. Ndinafotokoza kuti ali ku South Africa, kuti nambalayo ndagwiritsa ntchito ine zaka zonsezi, kuti ndingathe kutchula anthu amene ndimaimbira ndi ndalama imene ilimo. Anandimvetsera mwaulemu koma yankho silinasinthe. Pa nthawiyo ndinakwiya kwambiri. Pano ndimaona kuti lamulo limene linandikaniza ine ndi lomwelo limene likanakaniza wakuba uja akanapita kukayesa. Pa kompyuta yawo ine ndi wakubayo tinali chimodzimodzi, tonse sitinali eni nambala.

Ndinabwereranso ndi kalata ya a mfumu. Ndinabwereranso ndi chithunzi cha chiphaso cha abambo chimene anatumiza pa WhatsApp ya aphunzitsi ena a pafupi nafe. Zonsezo sizinathandize, ndipo transipoti yokha inadya ndalama yokwana thumba la mtedza. Kulankhula ndi abambowo kunalinso ntchito: ndipite kwa aphunzitsi, ndiwagulire bandulo, ndidikire kuti abambo aweruke, ndiye ndikambe za m'banja mwathu mwini foni ali chapafupi akumva. Abambo ankati sangasiye ntchito chifukwa cha simu khadi, abwera pa Khrisimasi. Munthu wina anandiuzanso kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa n'kudzapatsidwa wina. Kuyambira pamenepo nsima inkandikanika.

Kugulu ndinanena zoona zonse tsiku loyamba lomwe. Poyamba anandimvera chisoni. Koma Disembala atayandikira, mwezi wogawana, nkhope zinasintha. Ndinkati ndalama ilipo, ili pa foni, palibe angaitenge chifukwa nambala yachinsinsi ndikuidziwa ndekha. Amayi a pampando, munthu wamkulu amene sindinakanganepo naye, anandiyankha pamaso pa onse kuti, "Mwana wanga, fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo." Kumbali ena ankanong'ona kuti ndalamayo ndinatumizira amuna anga ku Joni. Pachitsime ndikafika nkhani inkaduka.

Amayi anzangawo sindiwaimba mlandu. Ndalama ya Disembala ndi ya feteleza wobereketsa, ya fizi ya Januwale, ya zovala za ana. Ndinagulitsa mbuzi zanga ndi chimanga chimene ndinasungira miyezi ya njala, ndipo wogula akadziwa kuti uli pa mavuto sakupatsa mtengo wabwino. Ndinabweza yonse tsiku logawana lisanafike. Posankha maudindo a chaka chotsatira, usungichuma anapatsa wina.

Abambo anafika Khrisimasi itadutsa. Chaka chatsopano chitalowa tinapita limodzi ku boma, anaonetsa chiphaso, nambala inabwezedwa tsiku lomwelo. Ndalama inalimo yonse. Chimene chinaipulumutsa ndi nambala yachinsinsi ija. Amayi ambiri kwathu akafika kwa ejenti amapereka foni n'kutchula nambalayo mokweza kuti awatayipire, ena amailemba pa kapepala n'kukamata kuseri kwa batire. Ine ndikanatero, bwenzi wakuba uja atakokolola zonse tsiku lomwelo. Koma mbuzi sizinabwerere, chimanga ndinagulanso mu Febuluwale pa mtengo wokwera, ndipo dzina langa m'mudzi linatenga nthawi kuti liyere.

Tsiku lomwelo, tisanatuluke m'shopumo, ndinagula simu ina n'kuilembetsa ndi chiphaso changa. Abambo anafunsa kuti ya chiyani poti yakale yapezeka. Ndinati, "Bambo, mukadzapitanso ndidzagulitse chiyani?" Sanayankhe. Mtengo wa simuyo sunafike ngakhale pa transipoti ya ulendo umodzi. Ngati mukuwerenga izi ndipo simukudziwa kuti nambala yanu ya Airtel kapena TNM ili m'dzina la ndani, njira yachidule ndi iyi: pemphani mnzanu ayambe kukutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, muone dzina limene lituluke. Likatuluka la munthu wina, musasungepo ndalama imene simungathe kuibweza. Ndipo ndalama ya gulu isakhale pa nambala ya munthu mmodzi popanda kulemba m'buku kuti nambalayo ndi ya ndani, ilimo zingati, ndipo ikasowa gulu lidzatani.

Za intaneti zenizeni zinayamba apa. Ndinatsimikiza mtima kuti ndigula foni ya tachi yangayanga, ndilowe m'gulu la alangizi lija ndekha. Ndinasunga pang'onopang'ono chaka chonse cha 2023. Nditatsala pang'ono kukwanitsa, mu Novembala ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya mafoni m'mashopu inakwera nthawi yomweyo. Ndalama imene ikanagula yatsopano inangokwana yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinagula kwa mnyamata wina pamsika, Itel yooneka bwino kunja. Batire yake inkatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndinaonjezera ndalama kugula batire ina, ndipo pophatikiza zonse ndinatsala pang'ono kufika pa mtengo wa yatsopano. Wogula foni kwa munthu aione ili yodzaza, aiyatse, akhale nayo kanthawi akuona m'mene batire ikutsikira. Afunsenso ngati si ya ngongole, chifukwa masiku ano kuli mafoni olipira pang'onopang'ono amene amadzitseka mwini wake akasiya kulipira, ndipo ena amagulitsa otero kwa anthu osadziwa. Wogulitsa akakana kulemberana kapepala pamaso pa mboni, mwina ndi yakuba.

Sabata yoyamba mayunitsi ankangosowa. Ndikaika madzulo, m'mawa mulibe, osaimbira munthu. Ndinkaganiza kuti andibera. Mwana wa achimwene anga, amene ali ku sekondale, ndi amene anandionetsa kuti data inali yoyatsa usana ndi usiku, foni ikudzikonza yokha, ndipo mavidiyo onse a m'magulu ankadzitsitsa okha. Anandionetsanso kuti kuika mayunitsi si kugula bandulo: ukayatsa data usanagule bandulo, kapena bandulo itatha, mayunitsi amapita msanga kwambiri. Anazimitsa zodzitsitsa zokhazo, anandiphunzitsa kugula bandulo ya WhatsApp yokha imene ndi yotsikirapo, ndi kuzimitsa data ndikamaliza. Zinthu zimenezi abambo amaphunzitsana okha pa bawo ndi pa mpira. Ife tilibe bwalo lotero, ndipo zolembedwa m'foni zambiri zili m'Chingerezi. Ine ndinalekera Sitandade 7, ndimawerenga Chichewa bwinobwino, koma mawu a m'kati mwa foni ankandizunguza mutu. Chimene chinandimasula ndi uthenga wa mawu. Umangodina kachizindikiro n'kulankhula. Amayi amene sanapite kusukulu n'komwe amatha kutumiza ndi kumvera.

Netiweki nayo ili ndi zake. M'nyumba mwathu simugwira. Imagwira pa chulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo poti tili kufupi ndi malire, nthawi zina foni imakoka ya ku Zambia. Pa chulupo madzulo pamadzaza anyamata ndi abambo, aliyense maso pa foni, palibe amawafunsa. Ine nditaimapo madzulo angapo, nkhani inafika kwa apongozi anga kuti mpongozi wawo akumachezera pa chulu ndi foni, amuna ake ali ku Joni. Anandiitana. "Kodi amene mukumalankhula nawo mdima uli kugwawo ndi ndani? Foni zimenezi zapasula mabanja ambiri." Ndinawatsegulira gulu la alangizi, ndinawayatsira uthenga wa mawu wonena za chiwawu cha soya. Anangoti "ehe", koma sindikukhulupirira kuti anakhutira. Nthawi yopita pa chulu masana mayi aipeza kuti? M'mawa kumunda, masana kuphika, kutunga madzi, kusaka nkhuni. Nthawi yokhayo imene manja amapuma ndi yomwe anthu amati mkazi wabwino sayenda. Ndinayamba kupita ndi mwana wanga wamkazi kapena mnzanga wa kugulu, ndipo pakamwa pa anthu panachepa.

Mantha a apongoziwo sanali opanda pake konse, ngakhale anawaloza kolakwika. Nditangolowa m'magulu, nambala yanga inaonekera kwa aliyense. Kunayamba kubwera mauthenga a amuna osawadziwa, "muli bwanji amayi okongola", ena usiku. Wina anatumiza chithunzi chimene sindingachifotokoze pano. Ndinachita mantha kuti abambo akadzaona adzati ndimafuna ndine, ndipo ndinatsala pang'ono kutuluka m'magulu monse. Anzanga awiri anatulukadi pa chifukwa chomwechi, wina anachita kulandidwa foni ndi amuna ake. Ine ndinasankha kuwauza abambo ndekha asanamve kwa wina, ndinaphunzira kutseka nambala zotero, ndinachotsa chithunzi changa kuti osandidziwa asachione. Ndinauzanso alangizi, iwo anamuchotsa munthuyo m'gulu. Mudziwe kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti. Musafufute mauthengawo, ndi umboni, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa imene mungakadandauleko. Kunabweranso aja oti "mwapambana mphoto" ndi aja oti "ndatumiza ndalama molakwitsa, bwezani". Mukalandira wotero yambani mwaona nokha ndalama imene ili m'foni mwanu, osakhulupirira uthengawo, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani.

Kodi zandipindulira? Eya, koma osati monga amanenera pa misonkhano. Sindinalemere. Chimene chasintha n'choti venda akafika ndimakhala nditamva kale mtengo wa ku Kamwendo ndi wa ku Lilongwe, ndiye timakambirana ngati anthu awiri odziwa. Kalabu ikamasonkhanitsa mbewu ndimamva tsiku lomwelo. Abambo akatumiza ndalama imafika kwa ine, ndipo timalankhula popanda wachitatu womvetsera. Bandulo sindigula tsiku lililonse, pali masabata amene data imakhala yozimitsa chifukwa ndalama yapita ku mchere. Ndipo pali zina zimene ndinadziwa mochedwa kuti sizifuna intaneti n'komwe. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka, munthu amaimba 54747 pa Airtel n'kulankhula ndi azaumoyo kwaulere. Pa 321 pali mauthenga a mawu a zaulimi ndi zaumoyo m'Chichewa. Kafoni ka mabatani kamakwanitsa zonsezi. N'chifukwa chake mayi akandifunsa poyambira ndimati ayambe ndi simu ya dzina lake ndi kafoni kotchipa kokhala m'chitenje mwake, ya tachi idzabwera pambuyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa tsopano ndi ana. Mwana wanga wamwamuna abambo ake akabwera amamupatsa foni kuti aseweretse, ndipo amaidziwa kuposa ife tonse. Wamkazi, amene ndi wamkulu, akaigwira amauzidwa kuti aisiye, iwononga khalidwe. Ndaona zomwezi m'makomo ambiri. Ine ndimamupatsa yanga tikakhala limodzi, afufuze za kusukulu, ndipo ndi iye amene amandiwerengera za Chingerezi.

Kugulu tinasonkha n'kugula sola yaing'ono, imakhala kwa amayi a pampando, mamembala timatchaja kumeneko ndipo akunja amalipira, ndalamayo imalowa m'thumba la zadzidzidzi. Tinakhalanso tsiku lina pansi n'kuyesa nambala ya aliyense kuti tione dzina lotuluka. Oposa theka anatuluka maina a amuna awo, a ana awo, wina la malemu bambo ake. Ena akonza, ena akuti amuna awo sakulola, ena ziphaso zawo zinatayika ndipo ulendo wokatenga china ukuwakanika. Pano tikukangana nkhani ina: ine ndi anzanga angapo tikufuna kuti membala aziloledwa kutenga ngongole yogulira foni, monga amatengera ya geni ya tomato kapena mandasi. Akuluakulu akukana, akuti foni sibereka ndalama, imangodya. Tagwirizana kuti tidzavote tikamayamba chaka chatsopano cha gulu mu Januwale.